Kamera Inali ya Boma: Nkhani ya Sergei Parajanov

Pa 4 Seputembala 1965, anthu anadzaza m'nyumba yoonetsera kanema yotchedwa Ukraina mumzinda wa Kyiv, likulu la Ukraine, imene nthawi imeneyo inali gawo la Soviet Union. Anabwera kudzaonera filimu yatsopano ya chikondi: mnyamata ndi mtsikana a kumapiri, mabanja awo odana, ndi imfa ya m'madzi. M'filimu monsemo munalibe liwu ndi limodzi lomwe lonyoza chipani cholamula cha chikomyunizimu kapena boma. Koma pa mwambowo wolemba mabuku wina, Ivan Dziuba, anakwera kutsogolo, natenga maikolofoni, n'kuyamba kuuza anthu kuti apolisi achinsinsi a KGB angomanga kumene olemba, aphunzitsi ndi ojambula a ku Ukraine. Oyang'anira nyumbayo anayesetsa kumutseka pakamwa. Kenako mtolankhani Viacheslav Chornovil ndi mlakatuli Vasyl Stus anapempha kuti aliyense wodana ndi nkhanzazo aimirire. Amene anaimirira ndi ochepa, ambiri anangoti zyoli m'mipando. Stus anachotsedwa pa maphunziro ake aukachenjede chifukwa cha tsiku limeneli, ndipo mu Seputembala 1985 anafera m'ndende ya Perm-36.

Mwini filimuyo, Sergei Parajanov, sanali munthu wa ndale. Ngakhale ku Ukraine komweko anali mlendo: makolo ake anali a mtundu wa ku Armenia, iye n'kubadwira ku Georgia. Anali bambo wandevu, waphokoso, wokonda nthabwala, makapeti akale ndi alendo. Pa mafilimu ake onse palibe imene munganene kuti ikutsutsa boma la Soviet Union. Komabe boma limenelo linamutsekera m'ndende katatu, ndipo kwa zaka pafupifupi 15 linamumana kamera. Munthu wojambula nkhosa, makangaza ndi maliro a kumudzi anaopseza bwanji dziko lokhala ndi mabomba a nyukiliya? Kuti zimveke, tiyenera kuyamba taona mmene filimu inkabadwira m'dzikomo.

Zipata

Ku Soviet Union kunalibe kampani ya mafilimu ya munthu payekha. Kamera, nyali, malole, malo otsukira filimu, nyumba zoonetsera, zonse zinali za boma. Situdiyo zinali zoti Mosfilm ku Moscow, Lenfilm ku Leningrad, ya Dovzhenko ku Kyiv, Armenfilm ku Yerevan, ndi zina m'maripabuliki ena, mayiko amene ankapanga Soviet Union. Pamwamba pa zonse panali Goskino, komiti ya boma yoyang'anira kanema. Lero mnyamata wa foni yabwino akhoza kujambula filimu masana n'kuiponya pa YouTube usiku. Nthawi imeneyo boma likakana, ndiye kuti yagona. Kunalibe khomo lina loti ukagogode.

Filimu inkadutsa zipata zambirimbiri. Nkhani yolembedwa inkayamba yawerengedwa ndi akonzi a pa situdiyo, kenako khonsolo ya aluso ya situdiyoyo, kenako akuluakulu a kanema a m'ripabuliki, pomaliza Moscow. Pa chipata chilichonse pankatuluka mndandanda wa zoyenera kusintha. Ikajambulidwa, filimuyo inkayambanso ulendo womwewo, ndipo pamapeto ankaipatsa giredi. Giredi yapamwamba inkabweretsa makope ochuluka ofalitsidwa dziko lonse komanso malipiro onona kwa wotsogolera. Yotsika inkatanthauza timakope towerengeka, toonetsedwa m'timaholo takutali kwa masiku ochepa. Panalinso chilango china chimene anthu a m'situdiyo ankangochitcha kuti shelefu: filimu yatha bwinobwino, ndalama za boma zalowa, koma zitini zake zakaunjikidwa m'nkhokwe osaonetsedwa. Filimu ya Aleksandr Askoldov yotchedwa Komissar inamalizidwa mu 1967 n'kukhala pa shelefu zaka 20, ndipo mwini wakeyo sanajambulenso filimu ina yasewero mpaka kumwalira.

Muyeso wopimira luso unakhazikitsidwa mu 1934 pa msonkhano woyamba wa olemba a dziko lonse. Luso linayenera kuonetsa moyo monga mmene chipani chinkanenera kuti ukulowera: wantchito wa m'fakitale wolimba mtima, mlimi wa pa munda wa gulu wansangala, nkhani yoyenda molunjika imene aliyense angaitsate, ndi phunziro pamapeto. Wopatuka pa njirayi ankamupeza ndi umodzi mwa milandu itatu. Woyamba unkatchedwa fomalizimu, kutanthauza kuti wasamala kaonekedwe ka chithunzi kuposa uthenga. Wachiwiri unali wokweza mtundu wako pamwamba pa umodzi wa dziko. Wachitatu unali wokometsera tchalitchi ndi zamizimu m'dziko limene boma lake linkaphunzitsa kuti kulibe Mulungu. Parajanov anadzapalamula itatu yonseyi m'filimu imodzi.

Achikulire a ku Malawi sangadabwe kwambiri ndi zimenezi. Boma la a Kamuzu Banda linkadana ndi chikomyunizimu kotheratu, koma nalo linali ndi bungwe lake lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu pansi pa lamulo la 1968, ndipo a Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Kusiyana kulipo kumodzi: mlakatuli akhoza kusunga ndakatulo zake m'mutu mpaka tsiku lotuluka, monga anachitira a Mapanje. Wojambula filimu amafunika kamera, magetsi, anthu makumi angapo ndi chilolezo cha mwini zonsezo.

Mwana wa wogulitsa zakale

Parajanov anabadwa pa 9 Januwale 1924 ku Tbilisi, mzinda umene anthu a ku Georgia, Armenia, Azerbaijan, Persia ndi Russia ankakhala mosakanikirana. Bambo ake ankagulitsa zinthu zakale: mipando, mphete, ndolo, makapeti. Malonda oterewa boma la sosholizimu linkawaona ngati katangale, choncho bamboyo ankangolowa ndi kutuluka m'ndende. Parajanov ankakonda kusimba kuti apolisi akabwera kudzachita chipikisheni, iye ali kamwana ankameza timiyala tamtengo wapatali kuti tisalandidwe. Anali katswiri wothira nkhani tsabola, ndipo anzake ankadziwa zimenezo. Chosakanika n'chakuti anakulira m'nyumba imene chinthu chokongola chinali chuma komanso umboni wa mlandu nthawi imodzi.

Anayamba maphunziro a za njanji n'kuwasiya, anaphunzira kuimba ndi kuvina, kenako mu 1945 analowa VGIK, sukulu ya kanema ya ku Moscow, kumene anaphunzitsidwa ndi Igor Savchenko. Mu 1948 anamangidwa koyamba ku Tbilisi pa mlandu wogonana ndi mwamuna mnzake, koma anatuluka patangopita miyezi yochepa. Mkazi wake woyamba, wa mtundu wa Chitata wochokera m'banja la Chisilamu, anaphedwa ndi abale ake ukwati usanapite patali. Atamaliza sukulu anapita ku situdiyo ya Dovzhenko ku Kyiv, anakwatiranso, nabereka mwana wamwamuna mu 1958.

Zaka khumi zoyamba za ntchito yake tingazidutse mothamanga, poti naye mwini wake anadzazitcha zinyalala. Anajambula zimene ankafunsidwa: nthabwala za pa munda wa gulu, nkhani ya woimba, nkhani ya m'tauni ya migodi. Anali wantchito womvera. Chimene chinamugwedeza ndi filimu yoyamba yaitali ya Andrei Tarkovsky ya mu 1962, yonena za mwana wamasiye pa nkhondo. Tarkovsky anali wamng'ono kwa iye ndi zaka 8, koma Parajanov ankamutcha mphunzitsi wake mpaka imfa. Anaona kuti kamera ikhoza kujambula maloto ndi chikumbumtima, ndipo pa zaka 40 anayambanso ngati wophunzira.

Mithunzi ya makolo oiwalika

Mwayi unabwera mooneka ngati ntchito wamba. Mu 1964 zinakwana zaka 100 chibadwire Mykhailo Kotsiubynsky, wolemba wotchuka wa ku Ukraine, ndipo situdiyo inafuna filimu yomukumbukira. Inasankha kankhani kake kotchedwa Tini zabutykh predkiv, kutanthauza mithunzi ya makolo oiwalika. Nkhaniyo imachitikira pakati pa Ahutsul, abusa a nkhosa a m'mapiri a Carpathian. Ivan akonda Marichka, mwana wa munthu amene anapha bambo ake. Ivan atapita kukaweta nkhosa kutali kuti apeze ndalama, Marichka agwera mumtsinje pofuna kupulumutsa kamwana ka nkhosa. Ivan akwatira mkazi wina, Palahna, koma mtima wake unatsalira kumanda.

Parajanov anatenga gulu lake n'kukakhala miyezi yambiri m'midzi ya kufupi ndi Verkhovyna. Anthu a m'midzimo anabwera ndi zovala zawo zenizeni, nyimbo zawo za maliro, ndi malipenga awo amtengo aataliatali otchedwa trembita, ndipo ambiri analowa m'filimumo. Wogwira kamera anali mnyamata, Yuri Illienko, amene ankakangana naye pafupifupi pa chilichonse. Mkanganowo unabala zodabwitsa. Filimu ikungoyamba, mtengo waukulu ukugwera mkulu wake wa Ivan, ndipo kamera ikugwa limodzi ndi mtengowo, moti woonera amamva ngati iyeyo ndiye mtengo wakuphawo. Bambo a Ivan akamatemedwa ndi kankhwangwa, magazi amayenderera pa galasi la kamera, kenako pamadutsa akavalo ofiira akudumpha m'malere. Marichka atamwalira, mitundu yonse imazimiririka, filimu n'kusanduka yakuda ndi yoyera, ndipo nkhani ya Ivan timangoimvera m'miseche ya anthu a m'mudzi amene sitikuwaona. Pamapeto, mtembo wa Ivan uli m'nyumba, akuluakulu akuchita masewera a pa maliro, ana akusuzumira pa zenera.

Pa ukwati wa Ivan ndi Palahna, awiriwo amangidwa nsalu m'maso n'kuikidwa goli la ng'ombe m'khosi. Oonera ambiri anakhulupirira kuti ndi mwambo wakale wa Ahutsul, chonsecho Parajanov anangoupeka yekha. Apa pali pomudzudzula, ndipo amene amati ankasandutsa miyambo ya eni ake kukhala chidole chake sakulakwa kwenikweni. Koma palibe chithunzi china chimene chikanaonetsa bwino ukwati wopanda chikondi kuposa goli limenelo.

Mkangano ndi akuluakulu unabuka pa chilankhulo. Chizolowezi chinali chakuti filimu ya m'ripabuliki ikamapita dziko lonse, mawu ake ankawachotsa n'kuikamo a Chirasha. Parajanov anakana kwamtuwagalu. Chifukwa chake chinali cha luso: kalankhulidwe ka Ahutsul, kulira kwa amayi pa maliro, zonsezo kwa iye zinali nyimbo, ndipo nyimbo sungaimasulire. Koma ku Ukraine ya 1965, kumene Chirasha chinkakankhira Chiyukireniya kunja m'masukulu ndi m'maofesi, kukana kumeneko kunamveka ngati ndale zenizeni. N'chifukwa chake Dziuba ndi anzake anasankha tsiku la filimu imeneyi. Kunja filimuyo inayenda bwino, inalandira mphoto ku Mar del Plata ku Argentina mu 1965, ndipo Moscow inasangalala kuigulitsa. Kumudzi, dzina la mwini wake linalowa m'mafayilo a KGB.

Ntchito yake yotsatira, yonena za Kyiv pambuyo pa nkhondo, inaimitsidwa akuluakulu atangoona zithunzi zoyeserera. Zimene zinapulumuka sizifika mphindi 20. Mu 1968 anasaina kalata ya anthu 139 yopita kwa Leonid Brezhnev, mtsogoleri wa Soviet Union, yodandaula za milandu ya ndale yozengedwa mobisa. Zitseko za ku Kyiv zinayamba kutsekeka chimodzichimodzi.

Makangaza

Amene anamuitana ndi a ku Armenia. Ankafuna filimu ya Sayat-Nova, woimba ndakatulo wa m'zaka za m'ma 1700 amene ankapeka nyimbo m'zilankhulo za ku Armenia, Georgia ndi Azerbaijan, anatumikira ku nyumba ya mfumu Erekle II, kenako anakhala wansembe, n'kuphedwa mu 1795 pamene asilikali a Persia analowa m'dzikomo. Akuluakulu ankayembekezera mbiri yoyenda bwino: mwana wa amphawi, luso lake, nkhanza za mafumu, imfa yaulemu.

Zimene analandira n'zina. Kamera ija imene inkathamanga ndi kugwa m'mapiri a Carpathian tsopano inaima chilili. Anthu amayang'ana kamera maso ndi maso, amasuntha manja pang'onopang'ono ngati ali pa mwambo, ndipo salankhulana. Chithunzi chilichonse chinakonzedwa ngati tizithunzi ta m'mabuku akale olembedwa pamanja a m'matchalitchi a ku Armenia. Makangaza atatu ali pa nsalu yoyera, madzi ake ofiira akufalikira pansi pake. Mpeni. Mapazi akuponda mphesa. Mvula itanyowetsa mabuku a amonke, mabukuwo ayanikidwa pa denga la tchalitchi, ndipo kamnyamata kagona pakati pawo katatambasula manja, mphepo ikutsegula masamba mazanamazana phaphapha. Ubweya wonyikidwa mu utoto ukugwera m'mbale zachitsulo. Tchalitchi chadzaza nkhosa pamene mlakatuli akukumba manda. Mayi mmodzi, Sofiko Chiaureli wa ku Georgia, anasewera mbali zingapo, kuphatikizapo mlakatuliyo ali mnyamata komanso mkazi amene mlakatuliyo ankamukonda, moti wokonda ndi wokondedwa ali ndi nkhope imodzi.

Ndivomere: munthu wozolowera mafilimu a ku Nigeria kapena a Hollywood akhoza kuyamba kusinza mphindi khumi zisanathe. Filimuyi simaitsata ngati nkhani. Mumaiyang'ana monga mmene mumayang'anira gule amene tanthauzo lake lonse amalidziwa ndi olowa okha, koma mphamvu yake mukuimva ndithu. Parajanov ankafuna kuonetsa zimene mlakatuli ankaona ndi kumva ali mwana, zinthu zimene pambuyo pake zinasanduka ndakatulo: utoto, mkate, buku, thupi, magazi.

Akuluakulu anaona zina. Anaona mitanda, amonke ndi nsembe za nkhosa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anaona filimu imene wantchito wa m'fakitale sangatolepo phunziro. Ndipo nthawi yake inali yovuta: mu Epulo 1965 khamu la anthu linali litadzaza misewu ya Yerevan kukumbukira zaka 50 za kuphedwa kwa mtundu wawo mu ufumu wa Ottoman mu 1915, chinthu chimene Moscow sinachiyembekezere. M'nyengo yotero, madzi ofiira ofalikira pa nsalu yoyera sankaoneka ngati chipatso chabe. Ena mpaka lero amati banga lija likufanana ndi mapu a Armenia wakale. Chigamulo chinali chakuti filimuyi siikuphunzitsa anthu za moyo wa Sayat-Nova, choncho dzina lake lichoke pa mutu. Inatuluka ku Armenia mu 1969 ndi dzina loti Nran guyne, mtundu wa makangaza. Kuti ionetsedwe m'maripabuliki ena, wotsogolera mafilimu wachikulire, Sergei Yutkevich, anaidula, anasintha ndondomeko ya zigawo zina, n'kuikamo mitu ya Chirasha yolongosola. Ena amamuona Yutkevich ngati wowononga. Ine ndimamuona ngati munthu amene anadula chala kuti dzanja lipulumuke, chifukwa popanda iye zitini zija zikanapita pa shelefu. Ngakhale zinali choncho, makope anali ochepa, ndipo panadutsa zaka zoposa 10 boma lisanalole kuti filimuyi igulitsidwe kunja.

Pakamwa

Mwina akanakhala chete akanapulumuka. Anzake ambiri aluso anaphunzira kumeza mawu, kujambula filimu imodzi yokondweretsa chipani kuti apeze chilolezo cha ina ya kumtima kwawo. Parajanov analibe mabuleki. Nyumba yake ya ku Kyiv inali yosatseka chitseko. Aliyense ankalowa, kudya, kumwa, kulandira mphatso, n'kumva mwini nyumba akunyoza nduna ndi akazi awo mokweza, ngakhale ankadziwa kuti pakati pa alendowo pali akazitape. Mu Disembala 1971 anakalankhula kwa achinyamata ku Minsk, naseka poyera akuluakulu a kanema ndi mafilimu awo otamanda chipani. Mawu akewo analembedwa, n'kukafika pa desiki ya Yuri Andropov, mkulu wa KGB.

Chaka chotsatira mphepo inatembenuka ku Ukraine. Mu Januwale 1972 kunagwa funde la kumanga aluso ndi ophunzira, ndipo Stus ndi Chornovil anatengedwa. Mu Meyi, mtsogoleri wa chipani ku Ukraine, Petro Shelest, amene ankaonedwa kuti akulekerera zokweza Chiyukireniya, anachotsedwa, m'malo mwake n'kulowa Volodymyr Shcherbytsky. Nkhani zonse zimene Parajanov ankapereka ku situdiyo zinkabwezedwa. Pa 17 Disembala 1973 anamangidwa ku Kyiv, ndipo mu Epulo 1974 anagamulidwa zaka 5 m'ndende yaukaidi wakalavulagaga.

Mlandu wake sunatchule filimu kapena zimene ananena ku Minsk. Anamuzenga pa gawo 122 la malamulo a Ukraine, loletsa kugonana kwa amuna okhaokha, ndi kumunenera kuti anakakamiza mwamuna wina, kuwonjezapo mlandu wa zithunzi zolaula. Lamulo limeneli linakhazikitsidwa m'nthawi ya ulamuliro wa Stalin. Parajanov sankabisa kuti amakopeka ndi amuna komanso akazi, ndipo apolisi ankadziwa zimenezi kuyambira 1948. Anakhala nazo m'fayilo zaka 25, n'kudzazitulutsa pamene anafuna kumuthyola. Kusankha mlandu umenewu kunali kuchenjera kwankhanza. Mkaidi wa ndale amakhala ndi ulemu wake: mayiko akunja amamulembera makalata, anzake amanyadira kumudziwa. Womangidwa pa mlandu wochititsa manyazi anzake amamuthawa, ndipo samutumiza kwa akaidi a ndale koma pakati pa akuba ndi akupha, kumene omangidwa pa gawo limeneli ankaikidwa pansi pa wina aliyense. Bambo wa zaka 50, wonenepa, wozolowera makapeti, ambiri ankati sabwerako wamoyo.

Anamuzunguliza m'ndende zingapo za ku Ukraine, monga Gubnik ndi Perevalsk. Ankasesa, ankasoka masaka. Ndipo manja ake anakana kukhala. Ankajambula nkhope za akaidi anzake pa timapepala, ankasoka zidole ndi zidutswa za masaka, ankamata maluwa ouma a m'mbali mwa mpanda. Mabotolo a mkaka a nthawi imeneyo ankatsekedwa ndi kachitsulo kopyapyala kofewa ngati pepala. Iye ankatola tizitsekero timeneti n'kumadinda nkhope za anthu ndi chikhadabo, kamodzi kakutuluka Pushkin, mlakatuli wotchuka wa ku Russia, kena munthu wina wa m'mbiri, tonse tooneka ngati ndalama zasiliva zakale. Ankamvetseranso nkhani za akaidi, milandu yawo ndi maloto awo, n'kumazisunga ngati mafilimu amene adzajambule.

Kunja anthu sanagone. Tarkovsky ndi wolemba wachikulire Viktor Shklovsky analembera Shcherbytsky kalata yomupempherera, chinthu chofuna kulimba mtima m'chaka cha 1974. Ku Ulaya, otsogolera mafilimu otchuka Federico Fellini, Michelangelo Antonioni, Jean-Luc Godard ndi ena anaika mayina awo pa madandaulo. Koma chimene chinatsegula chitseko ndi ubale. Lilya Brik, mayi wokalamba wa ku Moscow amene ankamutumizira chakudya kundende, anali mlamu wa Louis Aragon, mlakatuli wa ku France yemwenso anali wachikomyunizimu wolemekezeka kwa akuluakulu a boma ku Moscow. Aragon anakaitula nkhaniyi kwa Brezhnev mwini wake. Pa 30 Disembala 1977 Parajanov anatulutsidwa, kutatsala chaka chimodzi. Luso lake lonse silinamuthandize m'khoti. Anapulumukira pa mlamu wa mnzake.

Wamoyo koma wopanda ntchito

Anabwerera ku nyumba ya makolo ake pa phiri la ku Tbilisi. Palibe situdiyo imene inayerekeza kumulemba ntchito. Ankadya pogulitsa katundu wa m'nyumba ndi pothandizidwa ndi anzake. Apa ndi pamene anazama pa luso lomata tizidutswa: mbale zosweka, mabatani, nthenga, magalasi, zidole zothyoka, zipewa za amayi, zonse zinkasanduka zithunzi. Iye ankati chithunzi chomata chotere ndi filimu yofinyidwa. Pakamwa paja sipanasinthe. Chakumapeto kwa 1981 analankhulanso mosapsatira ku bwalo la zisudzo la Taganka ku Moscow poikira kumbuyo sewero lokumbukira woimba Vladimir Vysotsky limene akuluakulu ankalikaniza. Mu Febuluwale 1982 anamangidwanso, ulendo uno pa mlandu wa ziphuphu, nakhala m'ndende ya ku Tbilisi miyezi yambiri asanamasulidwe chaka chomwecho.

Amene anamubwezera kamera ndi a ku Georgia, m'nthawi imene Eduard Shevardnadze ankatsogolera chipani kumeneko ndipo ankapatsa aluso kampata kopumira. Wosewera wolemekezeka, Dodo Abashidze, analembedwa ngati wotsogolera mnzake, zomwe zinachepetsa mantha a akuluakulu. Filimuyo, imene inaonetsedwa mu 1985, inatengedwa pa nthano ya linga la Surami: khoma limangogwa nthawi iliyonse likamangidwa, mpaka wolosera atanena kuti lidzaima pokhapokha mnyamata atamangiriridwa wamoyo mkati mwake. Mnyamatayo, Zurab, alowa yekha m'khomamo. Munthu amene dziko lake linamutsekera zaka zabwino koposa za moyo wake sanafunikire kulongosola chifukwa chimene anasankhira nthano imeneyi, ndipo pa pepala inali nkhani yotamanda okonda dziko lawo, yoti palibe nduna ikanaikana.

Kenako zinthu zinasintha mofulumira. Mikhail Gorbachev analowa pa utsogoleri wa Soviet Union mu 1985. Mu Meyi 1986, pa msonkhano wachisanu wa bungwe la opanga mafilimu, mamembala anagwetsa atsogoleri akale n'kusankha Elem Klimov, ndipo komiti yapadera inayamba kutsitsa mafilimu pa shelefu paja. Mu 1988 Parajanov, ali ndi zaka 64, analoledwa koyamba kupita ku mayiko a azungu akumadzulo, kuyambira ku Rotterdam. Chaka chomwecho anatulutsa Ashik Kerib, yochokera pa nthano ya Mikhail Lermontov ya woimba wosauka woyendayenda kusaka chuma choti akwatirire. Inajambulidwa ndi ndalama zochepa ndipo zimaoneka. Ndevu zina n'zomata poyera, ndipo iye sanafune n'kubisa komwe. Imatha ndi nkhunda yoyera ikutera pa kamera, ndi mawu oipereka kwa Tarkovsky, amene anamwalirira ku Paris mu Disembala 1986 ali kunja kwa dziko lake.

Mu 1989 anayamba kujambula filimu imene anailemba zaka 20 m'mbuyomo, ya ubwana wake ku Tbilisi, ya amayi ake ndi manda a makolo ake. Anangojambula masiku owerengeka, khansa ya m'mapapo n'kumugwetsa. Anakalandira chithandizo ku Paris, koma anabwerera kudzafera ku Yerevan pa 20 Julayi 1990, ali ndi zaka 66. Ankakonda kunena kuti ali ndi kwawo kutatu: anabadwira ku Georgia, anagwira ntchito ku Ukraine, adzafera ku Armenia. Dziko limene linamumanga linatha patangopita chaka ndi miyezi isanu.

Mafilimu aatali amene iye ankawavomereza kuti ndi ake ndi anayi okha. Mu 2014 bungwe la Martin Scorsese losamalira mafilimu akale, mogwirizana ndi akatswiri a ku Bologna, linakonzanso filimu ya makangaza ija potsata kope la ku Armenia, lija Yutkevich asanaligwire, n'kukaionetsa ku Cannes. Ukraine inafafaniza lamulo loletsa amuna akuluakulu kugonana mogwirizana mu Disembala 1991, koma chigamulo cha 1974 chinakhalabe m'mabuku mpaka pamene boma linalengeza, mu Januwale 2024, pa zaka 100 chibadwire iye, kuti lamuyeretsa. Ku Tbilisi kuli chiboliboli chake akudumpha m'mwamba manja ali tambasu. Ku Yerevan, m'nyumba imene ankamumangira koma sanagonemo, munatsegulidwa malo osungira ntchito zake mu 1991, ndipo mukalowamo mupeza zidole za masaka zija, zipewa, mbale zosweka, ndi tizitsekero ta mabotolo a mkaka a kundende, tili m'kabati ya galasi.